Madokotala akati "apa sitingachize", chimatsala n'chiyani? Nkhani ya hospice

Ine ndikujambula pulogalamuyi ndili ku Al Furjan monga mwa nthawi zonse. Kwa amene simunafikeko, ndi dera la nyumba zogona anthu cha kumbali ya Jebel Ali, moyandikana ndi Discovery Gardens, ndipo zenera langa linayang'ana njanji ya metro. Ndiye mukamva kaphokoso kakudutsa mundikhululukire, si netiweki yanu.

Masiku ambiri pano timakamba za ntchito, za ma visa, za reti ya kwacha. Lero nkhani ndi yolemerako. Tikamba za hospice, ndi chisamaliro chimene achipatala amachitcha palliative care, chimene chimaperekedwa kwa munthu amene matenda ake sangachire, pamodzi ndi banja lake. Ngati mwangoferedwa kumene ndipo mtima sunakhazikike, sungani gawoli mudzamvere tsiku lina, palibe mlandu. Ndinenerenso kuti sindine dokotala. Ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndimasamala ma seva ndi ma netiweki. Zimene ndikambe leroli ndinazidziwa mochedwa, ndipo amene anavutika nako kuchedwa kwangako ndi bambo anga.

Ndiyambe ndi mawu amene anandisokoneza. Ku ntchito kwathu kuli mawu akuti end of life. Seva kapena laputopu ikafika pa end of life, ndiye kuti kampani yomwe inaipanga yaisiya. Ma update kulibenso, zipangizo zosinthira kulibenso, mukawaimbira amakuuzani kuti gulani yatsopano. Ife timangosamutsa deta, kuizimitsa, n'kukaiunjika kustolo podikira otaya. Ndachita zimenezi kambirimbiri moti mutu wanga unazolowera tanthauzo limenelo.

Ndiye mu October 2023 achemwali anga ananditumizira voice note. Bambo, mphunzitsi wopuma wa ku Ntcheu, anali atatha miyezi akudandaula kuti nsima ikuima pachifuwa. Anayamba kudya yofewa, kenako phala, kenako phalalo nalonso kumabwerera. Ku chipatala china chachikulu anawalowetsa kachubu ka kamera kummero n'kupeza khansa, ndipo sikani inaonetsa kuti yafika kale kuchiwindi. Khansa ya kummero kwathu si yachilendo. Malawi ali m'gulu la maiko amene imapezeka kwambiri pa dziko lonse, ndipo anthu ambiri amafika nayo kuchipatala itakula kale. Achemwali anati, "Adokotala akuti opaleshoni siitheka. Atitumiza kwa a palliative." Ndinalemba mawuwo pa Google ndili m'sitima, ndipo chimene ndinaona pamwamba chinali end of life care. Ndinapsa mtima pomwepo. Ndinati ahaa, ndiye kuti bambo anga awaika pa mulu wa zokataya.

Ndinachita zimene ambiri a ife okhala kunja timachita. Ndinatsegula spreadsheet. Mayina a zipatala za ku India, mitengo, matikiti a anthu awiri, visa, malo ogona. Ndinakafunsira ngongole ku banki. Kenako ndinaimbira achemwali pa Botim, sinanga kuno kuimba pa WhatsApp sikutheka, n'kuwauza kuti, "Achemwali, za mofini musavomere. Amenewo ndi mankhwala opatsa munthu amene amutaya. Apatseni Panado kaye, ine ndikukonza za ku India." Anandimvera, poti wotumiza ndalama ndinali ine. Masabata atatu bambo anagona chokhala, atatsamira khoma, akubuula usiku wonse, chifukwa cha lamulo la mwana wawo amene ankagona pa matiresi abwino m'chipinda cha AC.

Amene ananditsegula m'maso ndi mnzanga wa ku Kerala, kumwera kwa India, amene timakhala naye fulati imodzi. Anandimva ndikukalipa pakhonde usiku wina. Chichewa samva, koma mawu akuti mofini anawatola. Ndinamufotokozera zonse, ndi spreadsheet yomwe ndinamuonetsa, poganiza kuti andithandiza kusankha chipatala cha kwawo. Anayang'ana kwa kanthawi n'kundifunsa kuti, "Nanga bambo akowo akuti chiyani? Wawafunsa?" Ndinasowa choyankha. Ndinali nditafunsa madokotala, ma agent, banki. Eni ake a thupilo ayi.

Anandiuza za agogo ake aakazi amene anamwalira ndi khansa ali kunyumba, nesi ndi anthu ongodzipereka a m'mudzi momwemo akubwera kudzawaona sabata ndi sabata. Ku Kerala zimenezi n'zozolowereka. Mu 1993 Dr M. R. Rajagopal ndi anzawo anayambitsa Pain and Palliative Care Society ku Kozhikode, ndipo mu 2008 Kerala inakhala chigawo choyamba mu India kukhala ndi ndondomeko ya boma ya palliative care. Taonani zake: ine ndikufuna kukweza bambo ndege ya ku India pothawa chinthu ichi, munthu wa ku India komweko akundiuza kuti kwawo amachinyadira. Usiku umenewo sindinagone, ndinayamba kuwerenga.

Mawu akuti hospice ndi akale. Amachokera ku mawu a Chilatini akuti hospes, otanthauza mlendo komanso wolandira mlendoyo. Kalekale ku Ulaya hospice inali nyumba ya m'mbali mwa msewu, kawirikawiri yosamalidwa ndi a mpingo, kumene apaulendo otopa ndi odwala ankapumulako. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mumamuphera nkhuku lero chifukwa mawa simukhala naye. Ganizo lonse la hospice lagona pamenepo: munthu amene watsala ndi nthawi yochepa ndi wofunika kumusamala koposa, ndipo kusamalako ndi ntchito yofuna luso lake.

Amene anasandutsa ganizoli kukhala ntchito ya chipatala monga tikuidziwira lero ndi mayi wa ku England, Cicely Saunders. Anayamba ngati nesi nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Msana utawavuta anasintha n'kukhala wothandiza odwala pa mavuto a kunyumba ndi a ndalama. Mu 1948 anasamalira David Tasma, Myuda wochokera ku Poland amene ankagwira ntchito yoperekera zakudya ku London, akumwalira ndi khansa ali ndi zaka 40. Awiriwa ankakambirana za malo amene munthu angatsirizikireko mwamtendere, ndipo Tasma anawasiyira mapaundi 500, nati iye adzakhala zenera m'nyumba imeneyo. Mayi Saunders anaona kuti madokotala sangawamvere ngati iwonso si dokotala, ndiye anakalowa sukulu ya udokotala ali ndi zaka 33. Anamaliza mu 1957, nagwira ntchito ku St Joseph's Hospice ku Hackney, akujambula mawu a odwala pa tepi kuti amve mmene iwo eni amafotokozera ululu wawo. Mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku Sydenham, kumwera kwa London. Zenera la Tasma lija lilipo. Ndipo mayiwa anamwalirira momwemo mu 2005.

Pa zonse zimene anasiya, chimene chinandigwira mtima ine ndi chimene ankachitcha total pain, tinene kuti ululu wa munthu yense. Ankati wodwala akanena kuti ndikumva kupweteka, si thupi lokha limene likulankhula. Muli thupi, muli maganizo, muli za pakhomo, muli za mzimu, ndipo zinayi zimenezi zimakolezerana ngati nkhuni pamoto. Nditengere bambo. Chotupa chinkapweteka, inde. Koma usiku ankaganizanso za ngongole ya feteleza imene amayi adzatsale nayo. Ankachita manyazi kuti mwana wawo wamkazi ndi amene akuwathandiza kupita kuchimbudzi. Anali asanalankhulane ndi mng'ono wawo kwa zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha malire a munda. Ndipo monga mkulu wa mpingo, ankadzifunsa ngati kuvomereza kuti sachira si kuchepa chikhulupiriro. Mu spreadsheet yanga munalibe mzere ndi umodzi womwe wa zinthu zimenezi. N'chifukwa chake hospice siikhala ya dokotala yekha. Pamakhala nesi, wa uphungu, abusa kapena ansembe kapena shehe malinga ndi chipembedzo cha wodwala, ndi anthu ongodzipereka.

Pano ndisiyanitse mawu awiri amene ndakhala ndikuwasakaniza. Akuti palliative care anabwera pambuyo. Anawayambitsa Dr Balfour Mount ku Montreal m'zaka za m'ma 1970, chifukwa kwa anthu olankhula Chifalansa hospice inkamveka ngati nyumba yosungirako amphawi. Masiku ano palliative care ndi yotakata: ikhoza kuyamba tsiku lomwe apeza matenda aakulu, n'kumayenda limodzi ndi chemo, ma ARV, kapena mankhwala a mtima. Hospice ndi mbali yake ya kumapeto, pamene zochiza zalephereka kapena mwini wake wati zakwana. Ku America mpaka anaika malire: inshuwalansi ya boma ya Medicare imalipira hospice madokotala akaona kuti munthu watsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kucheperapo. Kwathu malire oterowo kulibe, ndipo ziwirizi zimagwiridwa ndi anthu omwewo.

Mwina wina akuti, komabe mukasiya kulimbana ndi matenda munthu amapita msanga. Nanenso ndinkatero. Mu 2010 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa Dr Jennifer Temel ndi anzawo ku Massachusetts General Hospital ku Boston. Anatenga odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira kale. Ena analandira chithandizo cha khansa cha nthawi zonse, ena analandira chomwecho kuphatikizapo palliative care kuyambira pachiyambi. A gulu lachiwirili anapezeka kuti akukhala bwino, osakhumudwa kwambiri, ndipo ochepa mwa iwo anasankha chithandizo cholemetsa masiku omaliza. Chodabwitsa n'chakuti anakhalanso ndi moyo nthawi yotalikirapo: miyezi 11.6 poyerekeza ndi 8.9. Ndi kafukufuku mmodzi, pa chipatala chimodzi, pa khansa ya mtundu umodzi, ndiye tisachite naye ngati lonjezo. Koma anandikwanira ine kuti ndisiye kunena kuti anthu amenewa amafulumizitsa imfa.

Tsopano tifike pa mofini, poti ndi pamene ndinalakwira.

Mu 1986 bungwe la WHO linatulutsa njira yothana ndi ululu wa khansa imene mfundo zake n'zosavuta kusunga: pakamwa, pa wotchi, pa makwerero. Pakamwa, kutanthauza kuti mankhwala akumwa ndiwo oyamba, osati jakisoni, kuti munthu athe kukhala kunyumba. Pa makwerero, kutanthauza kuti mumayamba ndi ofooka ngati Panado ndi Brufen, akakanika mumakwera pa apakati ngati codeine, akakanikanso mumafika pa mofini. Pa wotchi ndiye penipeni. Mofini wamadzi amagwira ntchito m'thupi pafupifupi maola anayi, ndiye amamwedwa maola anayi aliwonse, ululu usanabwerere. Simudikira kuti munthu ayambe kaye kukuwa. Ife a IT izi timazidziwa bwino, sudikira seva igwe kuti uyambe kuthamanga, koma pa bambo anga nzeru imeneyi inandithawa.

Nanga n'chifukwa chiyani timamuopa chonchi? Ine ndikuganiza kuti n'chifukwa cha mmene tinamuonera. Kwa zaka zambiri mofini ankaperekedwa tsiku lomaliza, munthu atatheratu, mawa lake n'kumva kuti wapita. Ndiye ife tinalumikiza ziwirizo. Koma chinapha munthuyo ndi matenda, mofini anangofika mochedwa. Akaperekedwa ndi odziwa, kuyamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza malinga ndi ululu, munthu amatha miyezi akumwa, akucheza, ena mpaka kupita kudimba. Za kuzolowera ngati chamba zija sizichitikachitika kwa munthu amene akumwa chifukwa cha ululu weniweni wa khansa, pa mlingo wa achipatala. Mavuto ake enieni ndi ena. Masiku oyambirira munthu amaodzera, ena amachita nseru, koma zimenezi zimatha. Chimene sichitha ndi kudzimbidwa, moti mofini amaperekedwa pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Kumene mankhwalawo asowa, a palliative kuno ku Africa amagwiritsa ntchito nthangala za papaya zouma zosinja. Alinso ndi luso lina limene linandidabwitsa: chilonda cha khansa chikamanunkha mpaka abale kumathawa m'nyumba, amaphwanya mapilitsi a Flagyl n'kuwaza pachilondapo, fungo n'kuchepa, ana n'kubwereranso kudzakhala pafupi ndi agogo awo. Koma chonde, mlingo amaika ndi achipatala. Botolo la wodwala wina si lobwerekana ngati mchere.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwalawa ndi otchipa, koma amene amawasowa ndi ife. Lipoti la Lancet Commission la 2017 linapeza kuti theka losauka la anthu a pa dziko lapansi limalandira osakwana 1 peresenti ya mofini ndi mankhwala ofanana naye amene amagawidwa pa dziko lonse.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya azungu yokhayokha. Hospice yoyamba mu Africa inayamba kwa anansi athu ku Harare mu 1979, Island Hospice, imene anayambitsa Maureen Butterfield mwana wawo wamkazi atamwalira ndi khansa. Mu 1993 Dr Anne Merriman anatsegula Hospice Africa Uganda ku Kampala, n'kubweretsa mofini wamadzi wotchipa: ufa wosungunula m'madzi, wothiridwa kamtundu koti anthu asiyanitse wamphamvu ndi wofooka, poyamba wothiridwa m'mabotolo a madzi akumwa otsukidwa. Mu 2004 Uganda inalola manesi ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala mofini, chifukwa kudikira dokotala kumudzi n'kudikira mvula ya mu July.

Kwathu ntchitoyi inakula nthawi ya Edzi, ma ARV asanafike kwa aliyense, pamene mawodi ankadzaza mpaka anthu kugona pansi. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kunabadwa Umodzi, yosamalira ana, ndi Tiyanjane, ya akuluakulu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 2005, ndipo boma linatulutsa ndondomeko yake mu 2014, chaka chomwe msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti palliative care ikhale mbali ya chithandizo cha zaumoyo m'dziko lililonse. Ku Salima kuli Ndi Moyo, imene inatsegulidwa mu 2007 ndi Mayi Lucy Finch, nesi wa kwathu amene anakhala zaka zambiri kunja. Atabwera kudzadwazika mchemwali wawo, anaona msilikali wachinyamata akumwalira ndi ululu woopsa popanda mankhwala amphamvu omuthandiza, ndipo zimenezo sizinawachoke m'mutu. Anagwirako ntchito ndi a Hospice Africa Uganda, n'kubwerera kwawo kudzayamba. BBC inawaika pa mndandanda wake wa amayi 100 mu 2016. Tamverani dzinalo: malo osamalira anthu amene sachira, dzina lake Ndi Moyo.

Chimene muyenera kudziwa n'chakuti kwathu hospice kawirikawiri si nyumba yokagonekako munthu. Ndi nesi wa panjinga yamoto, kachikwama ka mankhwala, ndi kachipinda kena pa chipatala cha boma kapena cha mishoni kamene mumakadutsa osakaona. Bedi lake ndi mphasa ya kunyumba kwanu. Ndiye m'bale wanu akauzidwa kuti matenda sachira, funsani mwachindunji kuti a palliative care amapezeka kuti, ndipo amabwera liti. Sindikunena kuti zonse zili bwino. Mankhwala amatha, mafuta a njinga amasowa, nesi mmodzi amakhala ndi midzi yambirimbiri. Koma alipo.

Nditawaimbiranso achemwali kuti ndinalakwa, apite kwa anthu aja, sanandidzudzule. Anangoti, "Chabwino achimwene," ndi mawu otopa amene mpaka lero ndimawamvabe. Patapita masiku awiri ananditumizira uthenga m'mawa: bambo agona usiku wonse, chogona. Amayi mpaka anadzuka kawiri kukawayang'ana ngati akupuma.

Apa ndi pamene ndinaona mbali ina ya hospice, yakuti wodwala si mmodzi. Nesi amene ankabwera kwathu ankatha theka la nthawi yake ndi achemwali, amene anali gadiyani. Anawaphunzitsa kutembenuza bambo kuti asachite zilonda zogonera, kutsuka m'kamwa, kunyowetsa milomo, kupereka mofini ndi kasirinji kopanda singano pang'onopang'ono kuti adutse pammero pothinapo. Anawauziratu zimene zidzachitike kumapeto, kuti kupuma kudzasintha, kuti adzasiya kufuna chakudya ndipo asadzawakakamize, kuti zikadzafika asadzathamange nawo pa galimoto ya hayala usiku. Ndipo anaitana amayi, azakhali ndi a kumpingo n'kunena poyera kuti gadiyani nayenso ndi munthu, agawane masiku. Za kuchimbudzi zija anakonza kuti azithandiza ndi mphwawo wa bambo wamwamuna wa kumpingo. Ife otumiza ndalama timaona ngati tasenza katundu wamkulu. Wasenza ndi amene akuchapa zofunda 4 koloko m'mawa.

Panalinso nkhani ya kuwauza zoona. Kwathu timabisa, eti? Timati muchira bambo, musadandaule, ndipo timachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Banja lonse linali litagwirizana kuti mawu akuti khansa asatchulidwe pamaso pawo. Nesi uja sanatikakamize. Anangokhala pansi n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mukuona kuti chikuchitika n'chiyani m'thupi mwanumu? Ndipo mukufuna kudziwa zambiri bwanji?" Bambo anayankha kuti akudziwa kalekale, amangokhala chete poopa kutidandaulitsa. Tangoganizani: iwo akutibisira, ife tikuwabisira, aliyense akulira payekha m'nyumba imodzi. Njira ya a hospice ndi imeneyo. Samuunjikira munthu uthenga umene sanaupemphe, koma samunamizanso akafunsa.

Ndikambeko za kuno, chifukwa ena mwa inu mukugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba za anthu konkuno. Hospice si kupha munthu mwachifundo. Mfundo yake imanena kuti imfa siifulumizitsidwa, komanso siikokedwa ndi makina pamene palibe chimene munthu apindule. Ku UAE kuthetsa moyo wa wodwala n'koletsedwa ngakhale atapempha yekha. Koma lamulo la 2016 lokhudza udindo wa achipatala linalola kuti munthu amene matenda ake sangabwerere m'mbuyo, chithandizo chonse chitayesedwa, asiyidwe kupita mwachilengedwe osamupopa pamtima, madokotala akuluakulu osachepera atatu akagwirizana. Ku Tawam Hospital ku Al Ain, chipatala chodziwika pa za khansa, kuli gawo la palliative care. Koma kwa ife obwera, zoona zake n'zakuti visa yamangiriridwa ku ntchito, inshuwalansi nayonso ku ntchito. Ambiri akadwala matenda otere amakwera ndege kubwerera kwawo, kaya ku Kerala, ku Manila kapena ku Mangochi. Ndiye nesi wa panjinga uja si wa makolo athu okha. Tsiku lina akhoza kudzakhala wa ine ndi inu.

Funso la mnzanga lija ndinalifunsa mu December. Ndinati, "Bambo, za ku India zija zatheka, ndalama zilipo. Inuyo mukufuna chiyani?" Anakhala chete mpaka ndinayang'ana foni ngati yaduka. Kenako anati, "Achimwene," poti ndi mmene ankandiitanira, potengera achemwali, "ine ku India ndikakhala mlendo wa yani? Ndalamazo lipirani ngongole ya feteleza, zotsalazo mugule tikiti. Ndikufuna ndikuoneni ndi maso, osati pa kagalasi aka." Anapemphanso kuti wina akaitane mng'ono wawo uja. Zimene anakambirana awiriwo pakhonde palibe anazimva, koma pa maliro amene analankhula m'malo mwa banja anali iyeyo.

Sindikunena kuti kupita ku India n'kulakwa. Pali khansa zimene zimachira zikapezeka msanga, ndipo pamenepo thamangani, gulitsani mbuzi, musachedwe. Funsani dokotala mosapita m'mbali: chithandizo ichi n'chochiza, n'chotalikitsa moyo, kapena n'chochepetsa ululu? Kwa bambo yankho linali lodziwika kuyambira October. Amene sankafuna kulimva ndi ine.

Ndinanyamuka mu February 2024, kudzera ku Addis Ababa, kutsikira ku Lilongwe, n'kukwera minibasi ya ku Ntcheu. Ndinawapeza pakhonde, ataonda moti wotchi yawo inkafika pachigongono, koma maso ali gwa, akufunsa ngati ku Dubai kulidi nyumba yofika m'mitambo. Tsiku lachitatu anati akufuna chimanga chootcha. Amayi anakana, anati bambo anu akufuna kutsamwa. Mwamwayi linali tsiku la nesi. Anaseka n'kunena kuti, "Amayi, apatseni. Atafune, amve kukoma, alavule. Kumeza si lamulo." Mvula chaka chimenecho inavuta, koma kudimba kunali chimanga chachiwisi. Ndinaotcha ndekha pa mbaula. Anatafuna mzere umodzi, pang'onopang'ono, akulavulira m'kambale, nkhuku zitazungulira. Atatha anandiyang'ana n'kunena kuti ndapsereza mbali imodzi, ku Dubai kwandiiwalitsa kuotcha.

Tchuthi changa chinatha, ndinabwerera kuno. Anamwalira patapita masiku 11, m'bandakucha, m'chipinda chawo, amayi atawagwira dzanja, achemwali ali pambali. Achemwali akuti kupuma kutasintha sanachite mantha, chifukwa anali atauzidwa kale. Ine uthenga unandipeza pa siteshoni ya Al Furjan ndikudikira sitima yopita ku ntchito.

Patatha masabata awiri maliro atachitika, njinga yamoto ija inabweranso. Nesi anadzatenga mofini wotsala kuti abwerere naye kuchipatala, koma anakhala maola awiri pamphasa ndi amayi, akuwafunsa ngati akudya, ngati akugona, ngati pali wogona nawo m'nyumba. Amayi akuti ponyamuka, atavala kale chipewa chake cha panjinga, anatembenuka n'kufunsa kuti, "Nanga mwana wanu wa ku Dubai uja, ali ndi womulankhula kumeneko?"